Dzino Logwedezeka, Chilonda Chosapola: Momwe Khansa za M'kamwa Zimadziwikira Kuchokera ku Lundazi

Munthu wa ku Lundazi akamva kupweteka m'kamwa, maganizo ake amathamangira ku dzino. Nthawi zambiri amakhala akulondola: ndi dzinodi, lobooka kapena la mafinya kumizu, ndipo likazulidwa munthu amapeza tulo. Koma pakati pa anthu ambirimbiri amene amakhala pa benchi kudikira wozula mano, pa chipatala cha boma cha Lundazi kapena cha mishoni cha Lumezi, pamapezeka mmodzimmodzi amene vuto lake si dzino. Dzinolo langogwedezeka chifukwa fupa limene linaligwira likudyedwa ndi chotupa, monga imagwedezekera nsanamira chiswe chikaidya pansi. Wotereyu akangozulidwa dzino n'kulandira panado ndi maantibayotiki, amabwerera kumudzi ndi nthenda yake yonse, ali ndi chikhulupiriro chakuti wathandizidwa. Miyezi imene imatayika pamenepa ndiyo kawirikawiri imasiyanitsa wochira ndi wosachira.

Dzina lakuti khansa ya m'kamwa likuphimba matenda angapo osiyana kotheratu. Padziko lonse, mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 amakhala ndi mtundu umene madokotala amautcha squamous cell carcinoma. Umenewu umayambira pa khungu lofewa lokuta m'kamwa: m'mbali mwa lilime, pansi pa lilime, m'tsaya kapena pa nkhama. Umakonda akuluakulu amene atha zaka akusuta fodya, kuika nsunko kuseri kwa mlomo kapena kumwa kachasu, ndipo fodya ndi mowa zikakumana mwa munthu mmodzi ngozi imakula kwambiri. Poyamba kamakhala kachigamba koyera kapena kofiira kosachoka ukakapukuta, kenaka chilonda cholimba m'mphepete, chosapweteka kwenikweni mpaka chitakula. Mabuku a zamano olembedwa ku Ulaya ndi ku America amathera masamba ambiri pa mtundu umenewu, enawo n'kuwasiya kumapeto monga matenda osowa. Koma ena mwa osowawo kuno kwathu amaoneka ndithu, ndipo mbiri ya kudziwika kwawo inadutsa m'maiko athu omwewa.

Woyamba ndi wa ana. Mu 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt anaona kamnyamata kotupa nsagwada zam'mwamba ndi zam'munsi, mbali zonse ziwiri. Posakhalitsa anaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi, ndipo atafufuza m'mafayilo akale anapeza kuti ana otere analipo ambiri, kungoti aliyense ankalembedwa dzina la nthenda yakeyake. Analemba za matendawa mu 1958. Mu 1961, iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000, kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Mozambique mpaka ku South Africa, akuonetsa zithunzi za ana otupa nkhope m'zipatala ndi kufunsa ngati kumeneko anaonapo zotere. Mayankho atawaika pa mapu, zinaoneka kuti nthendayi ndi yochuluka kumadera otentha a mvula yambiri, m'zigwa ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo imasowa kumapiri ozizira. Mapuwo anafanana ndi a malungo. Mu 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupa chotumizidwa kuchokera ku Uganda, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Pafupifupi mwana aliyense wa kuno amakatenga ali wamng'ono ndipo sikamuchita kanthu. Koma malungo obwerezabwereza akafooketsa mphamvu ya thupi yokagwira kachilomboka, mwa ana ochepa maselo a chitetezo amasokonekera n'kuyamba kuchulukana osaleka.

Wodziwa dera lathu aona msanga chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza. Tauni ya Lundazi ili pamtunda, koma chakumadzulo dziko limatsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa, kwa mafumu Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya, kumene kuyambira 2018 kuli m'boma la Lumezi. Kumeneko n'kotentha, udzudzu sutha, ndipo m'dzinja misewu imavuta kwabasi.

Khansa ya Burkitt imakonda ana a zaka 4 mpaka 7, anyamata kuposa atsikana, ndipo ili m'gulu la khansa zokula mofulumira kuposa zina zonse. Mayi akanena kuti, "Adokotala, sabata yatha tsayali linali bwinobwino," sakunama. Mano a mwana amagwedezeka nthawi yake isanakwane, amasuntha malo, ena kuoneka ngati akuyandama m'mnofu. Chotupacho sichitentha ndiponso sichipweteka monga chithupsa cha dzino cha msinkhu womwewo chikanachitira. Nthawi zina diso limatong'oka, mimba imafufuma, kapena miyendo imayamba kufooka. Chimene chimandiwawa pa nthendayi n'chakuti ndi imodzi mwa khansa zomva mankhwala kwambiri. Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, Elizabeth Molyneux pamodzi ndi Peter Hesseling wa ku Stellenbosch ndi anzawo anaonetsa kuti mankhwala otsika mtengo monga cyclophosphamide angapulumutse pafupifupi theka la ana, ngakhale pa chipatala chopanda zipangizo zapamwamba. Mwana amene angachire motere sayenera kutha mwezi akumwa mankhwala a chithupsa.

Wachiwiri ndi Kaposi sarcoma. Moritz Kaposi anailemba ku Vienna mu 1872, kenaka inadziwika monga nthenda ya pakhungu la miyendo ya amuna okalamba, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo m'chigawo chino cha Africa inalipo kale momwemo. Koma mu 1983 Anne Bayley, dokotala wa maopaleshoni pa University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka, anaona kuti yasintha khalidwe. Odwala 13 anabwera ndi mtundu waukali: kuwonda, mwanabele mbali zonse, ena zigamba m'kamwa, ndipo ambiri anamwalira chaka chisanathe. Zimene analemba mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1984 zinali pakati pa zizindikiro zoyamba zakuti Edzi yafika m'Zambia. Kachilombo koyambitsa khansayi, HHV-8, kanapezeka mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore ku New York. M'kamwa, Kaposi imakonda kumwamba, kuseri kwa mano am'mwamba, ndi pa nkhama. Imayamba ngati banga lofiirira lakuda, losalala, losapweteka, kenaka imatukuka n'kumatuluka magazi munthu akamadya. Ma ARV aichepetsa kwambiri, koma ikadali pakati pa khansa zochuluka m'dziko muno, ndipo mwa ena banga la m'kamwali ndilo chizindikiro choyamba chakuti ali ndi HIV, kapena kuti mankhwala amene akumwa asiya kugwira ntchito.

Palinso plasmablastic lymphoma, imene inadziwika monga nthenda payokha mu 1997, itapezeka m'kamwa mwa anthu a HIV. Imatupa pa nkhama mofulumira, ndipo ndi maso n'kovuta kuisiyanitsa ndi Kaposi. Kumwamba kwa m'kamwa kulinso tiziwalo ting'onoting'ono topanga malovu, ndipo kachotupa kolimba kotuluka pamenepo, kokula mwakachetechete kwa zaka, kakhoza kukhala khansa ngakhale sikanapwetekepo.

Yosowa kwenikweni ndi melanoma ya m'kamwa, imene sifika ngakhale 1 pa khansa 100 za m'kamwa. Imachokera ku maselo opanga mtundu wakuda wa khungu, ndipo malo ake ndi omwe aja a Kaposi: kumwamba kwa m'kamwa ndi nkhama zam'mwamba. Kwa ife anthu akuda pali chovuta china. Ambiri tinabadwa ndi nkhama zakuda kapena za mawangamawanga, ndipo zimenezo si nthenda ayi. Kuda kwachibadwa kumakhala mbali zonse ziwiri mofanana, kosalala, kosasintha kuyambira ubwana. Choopsa ndi banga latsopano, la mbali imodzi, la m'mphepete mosalongosoka, la mitundu yosakanikirana, limene likukula kapena kutuluka magazi. Munthu wa HIV akabwera ndi banga lotere, aliyense amathamangira kunena kuti ndi Kaposi, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma amene ali ndi melanoma akalandira mankhwala a Kaposi, nthawi yokhayo imene opaleshoni ikanamuthandiza imamudutsa.

Zinanso zimanamiza maso koma si khansa. Ameloblastoma imafufumitsa nsagwada kwa zaka zambiri, imawononga fupa, koma kawirikawiri sifalikira m'thupi. TB imatha kuboola chilonda pa lilime, chindokonso chimodzimodzi. Noma, imene imadya tsaya la mwana woperewera zakudya, ndi nthenda ya tizilombo, yofuna maantibayotiki ndi chakudya msanga.

Ndandandayu sindinaulembe kuti uopseze munthu. Ndikufuna kuti zioneke poyera kuti matenda ofanana nkhope ali ndi njira zochiritsira zotsutsana. Burkitt imafuna mankhwala olowetsa m'mitsempha m'masiku ochepa, ndipo kuidula ndi mpeni n'kulakwitsa. Kaposi imafuna ma ARV ogwira ntchito, kuwonjezapo kemo, mankhwala a khansa olowetsa m'mitsempha, ikakhala yafalikira. Squamous cell carcinoma ndi melanoma zimafuna kudulidwa mokwanira, nthawi zina kuwotchedwanso ndi makina a radiotherapy. TB imachira ndi mapilisi a miyezi 6 amene ali pa kiliniki yapafupi. Palibe dokotala, kaya ndi katswiri wotani, amene angasiyanitse zonsezi motsimikiza ndi maso okha.

Komabe zonse zimayambira pa maso ndi zala, ndipo apa sipafunika makina. Pafunika tochi, magolovesi, kamtengo kopanikizira lilime ndi kansalu ka gozi. Wodwala achotse mano oikirira ngati ali nawo. Wachipatala atembenuze milomo, ayang'ane m'masaya, agwire nsonga ya lilime ndi gozi n'kulikokera kumanja ndi kumanzere kuti aone m'mbali mpaka kumbuyo, kumene khansa imakonda kubisala. Aone pansi pa lilime, aweramitse mutu wa wodwala chagada kuti aone kumwamba. Kenaka chala chimodzi m'kamwa, china kunja pansi pa chibwano, afufuze cholimba, n'kutsirizira m'khosi kufuna mwanabele wolimba wosapweteka. Funso lofunika koposa ndi la nthawi, ndipo liyenera kufunsidwa momwe anthu amawerengera nthawi. "Agogo, chilondachi chinayamba liti?" likhoza kuyankhidwa kuti "ndi kale pang'ono." Koma mukafunsa ngati chinayamba asanabzale kapena atakolola, mumva kuti chinayamba akupalira chimanga, ndipo lero anthu akukumba mtedza. Zilonda wamba za m'kamwa zimapola m'masabata awiri. Chimene chadutsa masabata atatu, dzino limene lagwedezeka lokha pakati pa mano abwino, bowo la dzino lozulidwa limene silikutsekeka, dzanzi pa mlomo wam'munsi: chilichonse mwa izi chikufuna kupimidwa mwapadera, osati kusinthirwa mtundu wa maantibayotiki. Pa tsiku lomwelo magazi apimidwe HIV, ndipo ngati fupa likukayikitsa, nsagwada ijambulidwe.

M'maboma ambiri, amene amayang'ana m'kamwa mwa anthu tsiku ndi tsiku ndi ma dental therapist, ma clinical officer ndi anamwino. Zambia inayamba kuphunzitsa madokotala a mano a digiri mochedwa, pa sukulu ya zachipatala ya Copperbelt University ku Ndola imene inatsegulidwa mu 2011. Choncho ine ndimaona kuti maphunziro a khansa za m'kamwa ayenera kulunjika kwa ogwira ntchito a m'mabomawa, chifukwa wodwala wa ku Mwase kapena kwa Magodi adzakumana ndi iwo kalekale asanaone katswiri.

Chotsimikizira ndi biopsy, kutanthauza kudula kachidutswa ka chotupa kuti kakapimidwe pa maikulosikopu. Anthu ambiri amaopa, ndipo pali mphekesera yakuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Sizoona. Imaoneka ngati yalusa chifukwa ambiri amadulidwa kachidutswako nthenda itafika kale patali. Ntchito yake ndi yaing'ono: jakisoni wochititsa dzanzi pambali pa chilonda, kachidutswa kochepera nsonga ya chala chaching'ono, ulusi umodzi kapena uwiri. Koma pali tinthu timene tikaphonyeka, ulendo wonse umapita pachabe. Kachidutswa kachokere m'mphepete mwa chilonda, potenga mnofu wodwala ndi wabwino pang'ono, chifukwa pakati pamakhala powola ndipo sipaonetsa kanthu. Kasafinyidwe ndi chopanira. Kalowe nthawi yomweyo mu formalin wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa kachidutswako, osati m'madzi a mchere kapena mu spiriti. Ngati TB ikukayikiridwa, kena kasungidwe kopanda formalin. Chotupa chofiirira chodzaza magazi chimafuna kusamala ndi kukonzekera kuletsa magazi. Ndipo mwana wokayikiridwa Burkitt asapatsidwe prednisolone kapena dexamethasone asanatengedwe kachidutswa, pokhapokha ngati moyo uli pangozi, chifukwa mankhwalawa amasungunula maselo a lymphoma kwa kanthawi n'kusiya wopima alibe choona. Kwa ana, nthawi zina singano yopyapyala yokoka maselo imakwanira kupereka yankho loyamba msanga.

Pa kabotolo palembedwe dzina, zaka, malo enieni pamene kachidutswa kachokera, nthawi imene chotupa chakhala, ndi zotsatira za HIV. Wopima amene walandira botolo longolembedwa kuti "chotupa cha m'kamwa" amagwira ntchito mumdima.

Kuchokera apa nkhani imasanduka ya mtunda. Kuchokera ku Lundazi kukafika ku Chipata Central Hospital ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pa msewu wa Great East ndi ena pafupifupi 570. Akatswiri opima minofu, ma pathologist, ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa ku Lusaka mu 2007 pafupi ndi UTH, ndiyo likulu la chithandizo cha khansa. Anthu a m'malire ena amawolokera ku Malawi, ku chipatala cha mishoni cha Embangweni m'boma la Mzimba, chifukwa ndiko kufupi, koma kumenekonso kachidutswa kamafunika kutumizidwa kumzinda. Pa mtunda woterewu, kutumiza botolo n'kwanzeru kuposa kutumiza munthu wopanda yankho. Minofu ikalowa mu formalin siwonongeka panjira. Munthu ndiye amatha ndalama za basi, kugona pa khonde la achibale, n'kuuzidwa kuti abwerenso mwezi wamawa.

Ku labotale, kachidutswa kamaumitsidwa, kamakwiriridwa m'phula, kamasengedwa mopyapyala kwambiri, n'kuikidwa pa kagalasi ndi utoto wa mitundu iwiri. Pamenepo matenda aja amene ankafanana m'kamwa amayamba kusiyana. Burkitt imaonetsa maselo ofanana othithikana, okhala ndi timipata towala apo ndi apo, chimene madokotala amachitcha thambo la nyenyezi. Kaposi imaonetsa maselo osongoka ndi timing'alu todzaza magazi. Koma zosowa zija nthawi zambiri sizigonja ndi utoto wamba. Zimafuna immunohistochemistry, utoto wapadera womata pa mapuloteni a mtundu umodzi wokha wa maselo: LANA-1 wa kachilombo ka Kaposi, S100 ndi HMB-45 wa melanoma, CD20 ndi CD138 wosiyanitsa mitundu ya lymphoma. Melanoma ina ilibe ngakhale mtundu wakuda, ndipo popanda utoto umenewu imatha kutchulidwa dzina lolakwika. Mankhwala a utotowu ndi odula ndipo amachokera kunja. Anzathu a ku Lilongwe anapeza njira yochepetsera vuto la kuchepa kwa akatswiri: labotale ya pa Kamuzu Central Hospital, imene inayamba mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, imajambula tigalasi pa kompyuta, ndipo madokotala a mbali zonse ziwiri amakambirana zovuta kudzera pa intaneti. Njira yotereyi ndiyo ingathandize kwambiri chigawo cha Kum'mawa.

Dzina likadziwika, pamatsala kuona pamene nthenda yafika: chithunzi cha chifuwa, sikani ya pamimba makamaka kwa ana, ndi CT ya mutu ndi khosi kumene ilipo.

Kuchedwa kwina kumachitikira kunyumba, ndipo sindifuna kunyoza makolo pa ichi. Nkhope ya mwana ikafufuma m'masabata awiri popanda chifukwa chooneka, n'zomveka kuti banja liganize za kulodzedwa. Ana ena amafika ku chipatala ali ndi mphini zatsopano pa tsaya lotupalo. Kuwakalipira makolo sikuthandiza. Chothandiza n'kukambirana ndi asing'anga, mafumu ndi atsogoleri a mipingo kuti tsaya la mwana lotupa msanga, ndi chilonda cha m'kamwa chosapola, azizitumiza ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale banja likupitiriza mapemphero ake. Palinso nkhani ya chilankhulo. Ambiri ku Lundazi amalankhula Chitumbuka, ena Chichewa, ndipo agogo amene amafotokoza bwino ululu wawo kwawo amasanduka osalankhula akafika mu wodi ya ku Lusaka. Kalata yowatumizira ikalembedwa mokwanira imawalankhulira.

Kuchedwa kumene kungathe popanda ndalama zambiri ndi kwa zotsatira. Pepala likhoza kutuluka ku labotale koma osamufika mwini wake, chifukwa palibe amene analemba nambala ya foni, kapena wodwala anaganiza kuti kusaitanidwa kukutanthauza kuti zonse zili bwino. Chipatala chilichonse chotenga biopsy chimafunika buku limodzi lolembamo botolo lililonse, tsiku limene lachoka, nambala ziwiri za foni, ya wodwala ndi ya wachibale kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake, ndi munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake n'kulondola mabotolo amene sanayankhidwe. Yankho likabwera lakuti kachidutswa kanali kosakwanira, si uthenga wabwino ayi. Ndi chiitano chakuti atengenso kena.

Pomaliza pali kuuza banja zoona. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, wa ana 162 odwala khansa pa UTH, anapeza kuti pafupifupi theka anasiyira chithandizo panjira, ndipo ochokera kuzigawo zakutali ndiwo anali pangozi yaikulu yosiyira. Mayi wa ku Lundazi amene wanyamuka ndi mwana akuganiza kuti akukatenga mankhwala n'kubwerera Loweruka, n'kukapeza kuti ndi nkhani ya miyezi, kumunda kulibe wopalira, ana ena ali okha, adzabwerera kwawo chotupa chikangophwera pang'ono, ndipo chidzabweranso. Asananyamuke ayenera kumva m'chilankhulo chake dzina la nthenda, chimene chikachitike ku Lusaka, kutalika kwa nthawi, ndiponso kuti kuphwa kwa chotupa pambuyo pa mankhwala oyamba si kuchira. Banja louzidwa bwino limakhala pansi ndi amalume ndi azakhali, limagulitsa matumba a mtedza kapena mbuzi, limapeza wotsala ndi ana ndi wosamalira munda, n'kusankha woperekeza amene angathe kukhala ku chipatala mpaka mankhwala omaliza.